Kusenda Chinangwa ndi Habiba

Lolemba, 9 Juni 2025

Mwera kuyambira m'mawa. Bambo a Habiba sanalowe panyanja, angokhala pakhonde kusoka ukonde. Mpunga wonse uli m'nyumba, alhamdulillah. Madiresi a ukwati wa kwa a Zaidi ndamaliza, makina sanandivute. Ulusi wakweranso mtengo.

Habiba wabwerezanso zake. Akuti teremu ikatha akakhala kwa azakhali ake ku Dwangwa, sukulu akapitiriza komweko. Chifukwa? Kukweza phewa basi. Mwana wamkazi ndili naye yekhayu. Ndamukalipira, walowa kuchipinda.

Lachitatu, 11 Juni

Msonkhano wa makolo kusukulu. Wolankhula Dokotala Mwanahalima, mwana wa a Salimu a ku Chia konkuno, uja ankazungulira m'makomo zaka zonse zija kufunsa ana ndi makolo. Udokotala wake si wa jekiseni, ndi wa mabuku. Ahedi akuti zimene anapeza kwathu kuno akuphunzitsira aphunzitsi mpaka kunja.

Dokotalayo akuti mwana asanachoke pakhomo ndi miyendo, amayamba wachoka ndi pakamwa. Akuti achinyamata salankhula ukawayang'ana m'maso. Amalankhula manja ali pa ntchito, mutakhala moyandikana. Funso limodzi, kenako kholo litseke pakamwa.

Ndinaimirira. Ndinati kusoka ndinadziphunzitsa ndekha, kulera sindingakaphunzire ku yunivesite, ndipo ine chilungamo ndimanena pamaso. Iye kuseka: "Anti, ndikukukumbukani. Tsiku lija ndinabwera kudzafunsa mwana wanu, mafunso onse munayankha ndinu."

Holo yonse phwete. Ndafika kunyumba ndikadali kutentha.

Lachisanu, 13 Juni

Ndayesa. Osati chifukwa cha iyeyo, chinangwa cha kondowole chimafunika kusenda basi. Mphasa imodzi, mipeni iwiri. Ndamufunsa Habiba funso langa. Iye kusenda basi. Ndawonjezera lina, linanso, kenako mpeni pansi: kodi ndiwe bubu? Wanyamuka.

Bambo ake: "Mayi a Habiba, nsomba sitiikuwira kuti ilowe muukonde." Nawonso ayamba udokotala.

Lachiwiri, 17 Juni

Mphasa yomweyo. Lero lilime ndaliluma mpaka kuwawa. Maso pa chinangwa. Dengu litafika pakati, osandiyang'ana n'komwe: "Amayi, zoti ndakula munauziranji anthu pa makina?"

Ndinauza, inde. Ndinali ndi chimwemwe. Nkhani yoyenera azakhali ndi anankungwi okha, ine ndinagawira aliyense wobwera kudzayesa diresi. Wina anauza mwana wake, mwanayo kalasi yonse. Anyamata amamuimbira nthungululu akamalowa pakhomo la kalasi. Kuyambira Febuluwale, ine osadziwa.

Mawu anadzaza m'kamwa: awo ndi zitsiru, ndikawapeza mawa, ndikawakoka makutu pamaso pa ahedi. Sindinatulutse ngakhale limodzi. Ndangopitiriza kusenda mpaka ndasenda chala. Wandimanga ndi kansalu, n'kupitiriza kulankhula. Za masamu, za mnzake Ummy, zoti akufuna kudzakhala namwino. Namwino. Miyezi yonseyi ndimati alibe maganizo.

Loweruka, 21 Juni

Takaviika chinangwa limodzi. "Pepa" ndanenera komweko, nditayang'ana madzi. Kaliwu kakafupi, koma kulemera ngati thumba la mpunga. Wangoti, "Ndamva."

Mwanahalima ndakumana naye pamsika. Moni ndam'patsa, zina sindinamuuze. Angadzimve.

Lolemba, 23 Juni

Mwera waleka, bambo abwera ndi chambo cha ku Bua. Habiba wabwereka foni yanga kuimbira azakhali. Ndamva ndili pa makina: "Ndibwera pa holide pokha, kudzacheza." Ndaponda makina mwamphamvu kuti asaone nkhope yanga.

Masana mayi Safiya kudzayesa bulauzi. "Nanga mtsikana wathu uja zikuyenda bwanji?" Ndati ali bwino. Adikira zina, khutu lili tcheru. Ndati kwezani manja, ndiyeze m'chiuno.