Bodza Langa kwa a Nabanda

Wokondedwa Tiyamike mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, ndipo mawondo aja apepuka chiyambireni yoga, masewera owongola thupi a pafoni amene unandilembetsa.

Koma ndalakwa, mwananga. Lachinayi kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, a Nabanda, amene mawondo akuwavutanso, anandiona ndikugwada bwinobwino, nandifunsa chinsinsi. Poopa kuti azindinena kuti ndalowa zachikunja, ndinati, "Kusala kudya basi, amayi."

Lero ndamva kuti ayamba kusala, chonsecho amamwa mankhwala a shuga. Ndikangomaliza kalatayi ndikupita kukaulula.

Undifunsireko kwa aphunzitsi a yoga aja ngati tingakwane awiri pafoni imodzi. Mulungu akusunge, ndipo undipempherere, chifukwa mawondo apepuka koma pakamwa pakulemera.

Ndine mayi ako.