Dzanja Langa ndi Anapiye Okana Kukula

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Pio wanu. Ndiyambe ndi dzina limene landikhala pakhosi zaka zonsezi: achimwene a Fabiano, mwana wanu woyamba. Akadali moyo ku Mbulumbuzi, akuyendera ndodo, ndipo mawu awo aja sanabwezebe.

Koma ndisathamange. Chimanga chaka chino chachita mwa apo ndi apo, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Mtengo wa mapeyala munadzala uja ukadalipo. Ndipo Sitela, mdzukulu wanga, mwana wa Agnesi, wachira ku chipatala cha mishoni, mwana wamwamuna. Akuti mphumi ndi yanu. Ndikuti "akuti" chifukwa ine ndimangomuonera patali, ali m'nsalu. Sindinamunyamulepo.

Chifukwa chake ndi nkhuku. Masiku ano kuli nkhuku zoyera za nyama, zimene inu simunazione. Zilibe make. Timagula anapiye a tsiku limodzi m'katoni, n'kuwaothetsa mbaula pa utuchi, ndipo pakatha masabata sikisi zakwana kugulitsa. Gulu loyamba linandiyendera bwino, kupatula titatu totsalira, timene ndinatisunga chifukwa cha chisoni. Pobweretsa gulu lachiwiri ndinakumbukira mawu anu aja akuti, "Pogona anapiye sasesa, fungo la akulu ndilo limakuza ana." Ndiye sindinasese. Ndinawaika pa utuchi wakale womwewo, pamodzi ndi titatu tija.

Sabata yachiwiri zinayamba. Amadya osapuma, koma chakudya chimatuluka momwe chalowera, timisere tikuoneka m'zitosi zamadzi, zofiirira ngati papaya wakupsa. Miyendo inatuwa. Nthenga za m'mapiko zinaloza uku ndi uku ngati denga la udzu litakumana ndi kamvuluvulu. Pofika masabata asanu ambiri anali akukwanabe m'chikhatho, kumutu kudakali ubweya wachikasu wa ukhanda. Sanafe ambiri, Amayi. Anangokana kukula.

Pamenepo mudzi unakumbukira. Mukukumbuka chaka chimene munatipatsa msoti aliyense, kuti muone dzanja la mwana aliyense pa ziweto? Wanga unaswa anapiye asanu ndi atatu. Inu mutagonekedwa ku mishoni, achimwene anawanyamula m'dengu n'kukawagulitsa ku msika. Ndinawaona ndi maso anga akutsetsereka nalo dengulo. Mutabwerako anati anapiye anafera m'manja mwanga, anati, "Dzanja la Pio ndi louma, chimene wagwira sichikula." Munangondiyang'ana, muli ofooka. Abambo atati sukulu apitirize mmodzi, anasankha wa dzanja labwino. Ine ndinalekera Sitandade 3, ndipo dzinalo linanditsata mpaka kuchikamwini kuno ku Likoswe. Tsopano Agnesi, mwana wanga wobala ndekha, akandiona ndikuyandikira khandalo amati, "Abambo, dikirani kaye akhwime." Amanena moseka, koma nsalu amaikokera kwa iye.

Kunabwera alangizi a ziweto, mayi wodekha wa pa njinga yamoto. Anaphwanya chitosi ndi kamtengo, n'kunena kuti ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, vayirasi, kamene kamawononga matumbo a mwanapiye akadali wamng'ono, mwakuti chakudya chimangodutsa osasiya kanthu m'thupi. Kamatha kubwera ndi anapiyewo, kamatsalanso m'zitosi ndi mu utuchi kudikira gulu lina. Mankhwala ochiza palibe, ndipo wopinimbira sadzawapezanso anzake. Anati ndichotse otsalira onse, nditenthe utuchi, nditsuke khola ndi mankhwala, lipume masabata angapo, ndipo ndisasakanizenso akulu ndi ana. Ndinafunsa za dzanja. Anandigwira dzanjalo, n'kulitembenuza, n'kuti, "Agogo, ili ndi dzanja la khasu basi." Papita zaka zambiri munthu asanaligwire chotero.

Musakhumudwe, Amayi. Mawu anu anali oona kwa nkhuku zanu zoyenda pabwalo ndi make. Izi ndi zamasiye, zotsekeredwa, sizidziwa fungo la aliyense. Cholakwa ndi changa, koma ndi cha tsache, si cha dzanja. Ndawauza onse zimenezi. Amangogwedeza mutu, poti mawu a alangizi ndi a dzulo, pamene a achimwene anamera mizu.

Masana a chiperoni, phiri la Chiradzulu likabisala mu nkhungu, ndimakhala pakhomo pa khola lopanda kanthulo n'kuwodzera. Ndimakuonani mukutsika m'nkhunguyo mutasenza dengu lija. Mukalitula, m'dengumo mumatuluka anapiye anga asanu ndi atatu, akadali aang'ono, zaka makumi asanu ndi limodzi osakula, akundidikira. Amakwera m'manja mwanga, ofunda, timitima tikugunda. Ndikati ndiwawerenge, ndimapeza kuti ndanyamula mwana wa Sitela, ndipo mphumi ndi yanudi. Kenako mphepo imagwedeza chitseko, ndimadzidzimuka manja ali m'mwamba, opanda kanthu.

Sukulu inapita, sindikuifunanso. Anapiye aja sindikuwafuna. Ndikufuna chimodzi ndisanabwere kumeneko: achimwene a Fabiano akwere kabaza, afike pano, anene pamaso pa Agnesi ndi Sitela kuti dengu lija ananyamula ndi iwo, kenako atenge mwanayo ndi manja awo amuike m'manja mwanga. Inu munali ndi njira yowayang'anira mpaka aulule. Ngati kumeneko amalola, kawayang'aneni choncho.

Zikachitika, ndikulonjeza kubwera naye mwanayo pamene mwagonapo, ndidzalambule udzu ndi dzanja lomweli, ndimunong'oneze dzina lanu m'khutu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Pio