Chitenje chanu cha nkhanga

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Zemba mtedza tafukula, wabereka ndithu, ngakhale chimanga anankafumbwe achiyamba kale. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Zabwino zathera pomwepa. Ndikulemba ndili pamphasa pambali pa Esinati, mzime wanu uja. Nsagwada zatupa moti phala ndikumumwetsa ndi supuni.

Mwezi watha wapampando wa chipani anatiitana amayi tonse kusukulu. Ati kwabwera oyimba a ku Lusaka, akufuna ovina chimtali kuti awajambule pa nyimbo yawo ya pa wailesi yakanema. Mukudziwa inu, chipani chikaitana, wokana amafunsidwa kuti ali mbali iti. Chitenje cha Esinati chinali chong'ambika, ndiye ine ndinatsegula sutikesi n'kumubwereka chanu chija cha nkhanga, chimene munkavala tsiku la mgonero. Apo ndiye ndinalakwa ine.

Wojambulayo anali bambo wa magalasi akuda. Ngakhale maina sanatifunse. Ife a mvula zakale anatikankhira kumbuyo n'kusankha atsikana asanu. "Tembenukani, musatiyang'ane! Chitenje mumange m'munsi!" Kenako anagwada pansi, makina ake ataloza m'chiuno. Esinati anayimba ndi mawu anu aja, koma mawuwo sanawatenge, anaikapo magitala awo.

Mkamwini wanu Lazalo, mwamuna wa Esinati, anaiona nyimboyo pa bala ina ku Chipata, atapita kukagula matayala a njinga. Akuti nkhope ya Esinati sinaoneke ngakhale kamodzi. Chiuno chokhachokha kudzaza galasi lonse, amuna akuliza mluzu, wina mpaka kukasisita galasilo. Lazalo ankaseka nawo, mpaka anazindikira nkhanga zija. Chitenje chimenecho m'Zemba monse n'chimodzi.

Anafika masana, Esinati akukonola. Sanafunse kanthu. Anamugwira tsitsi, kumugwetsera pamtondo, n'kuyamba kumukwapula ndi tcheni cha njinga. Kukuwa ndinakumva ndili kudimba. Pofika ndinapeza akumuponda kumaso ndi nsapato, magazi ali m'mphale, mano awiri ali padothi, akutsogolo aja a mpata ngati anu. Anansi angoima kumpanda, ati za m'banja sitilowerera. Amayi, ndinatola musi. Ndinamumenya nawo pamkono, fupa n'kulira ngati phesi louma, iye n'kugwa akuitana amake. Chisoni sindinamve. Mpaka lero sindikumva.

Ankhoswe anakhala pansi dzulo. Agamula kuti Lazalo abwerere m'nyumba Loweruka, ine ndimupepese ndi nkhuku, Esinati naye apepese chifukwa choonetsa dziko za mwamuna wake. Za mwamuna wake! Chiuno chimene munachibereka ndinu. Za bambo wa magalasi uja palibe anatchula. Iye ali phee ku Lusaka, mwina wagwadira kale chiuno china. Wapampando naye wangoti Zemba yatchuka.

Munkakonda kunena kuti banja ndi kupirira. Munapiriradi, sindikana. Koma ndine ndinkakusambitsani mukudwala matenda anakutengani aja, ndipo zipsera za atate kumsana kwanu ndinaziona, ndinangokhala chete posafuna kukuchititsani manyazi. Mundikhululukire Amayi, apa pokha sindikumverani. Lazalo akalowanso m'nyumba muja, kalata yotsatira Esinati adzakubweretserani yekha pamanja.

Chitenje chanu ndadulako kansalu, ndi kamene ndimamupukutira kumaso m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda a mchere. Nkhope imeneyi a kanema sanaifune, Lazalo anaiponda, koma ine ndimaiyang'ana bwinobwino. Diso lamanzere latseguka lero, ndipo likundiyang'ana monga munkachitira inu ndikabwera mochedwa kuchitsime.

Nkhuku sindipereka. Ndikukulonjezani, Loweruka adzandipeza nditakhala pakhomo pa Esinati, musi uli pamiyendo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Malita