Ndimamasula Misoko ya Amayi Mobisa

Ochapa aimike kuchapa, okangana apume kaye. Amene akuyankha patsamba lino ndi ine, Agogo a Pakhonde, telala wa zaka makumi anayi pa makina amodzi, munthu amene ndinasiya sukulu Sitandade 5 nditaona kuti aphunzitsi ayamba kubwereza zomwe ndinkadziwa kale. Theka la maukwati a m'tauni muno linamangidwa m'masuti anga, ndipo maukwati amene anatha, anatha masuti akadali olimba. Kalata ya sabata ino nayi.

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 41. Bambo anga anamwalira chaka chatha, ndiye amayi ndinawatenga, tikukhala limodzi. Patapita miyezi tinatsegula sutikesi ya malemu. Munali malaya asanu ndi awiri ndi mathalauza atatu. Amayi anati tisagawe, tidule tizidutswa tisoke chofunda cha zigamba choti azifunda iwowo. Ndinadula ndine potsata katoni, tizidutswa tonse tofanana.

Amayi anali telala, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kusoka. Lula amainyoza. Amati, "Wopima msoko ndi lula apite akakhale kalipentala. Telala amaona." Kale zinali zoona. Mpata umene ankasiya pakati pa ulusi ndi m'mphepete mwa nsalu unkafanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pano maso awo achita chifunga, makamaka lakumanzere, koma savomera. Msoko umayamba ndi mpata ngati pensulo, pakati n'kukula ngati chala, pomaliza ulusi ukungolendewera m'mphepete. Tikati tilumikize mizere ya tizidutswato, makona sakumana. Mzere wawo ndi wanga umasiyana zala zitatu.

Ndinalephera kuwauza. Ndiye Lachitatu lililonse akapita ku mapemphero a amayi, ndimatenga lezala, kumasula misoko yawo n'kusokanso. Akabwera amayala mzere pabedi, kuusisita, n'kunena kuti, "Ukuona iwe? Dzanja silikalamba." Ine ndimathawira kukhitchini.

Koma nsaluzi ndi zakale. Sabata yatha kachidutswa ka malaya a buluu, amene bambo ankawakonda kwambiri, kanang'ambika m'manja mwanga pomasula. Ta mtundu umenewo tatsala tiwiri. Ndiye dzulo amayi anatembenuza mzere wina, kuyendetsa chala kuseri kwake, n'kufunsa kuti, "Kodi ine ndinayamba liti kubwerera katatu pomaliza msoko?" Iwo amabwerera kawiri. Katatu ndi ine. Ndinati kaya. Anangoti, "Ehe," n'kupempha tiyi.

Agogo, ndikapitiriza, malaya a bambo athera m'manja mwanga. Ndikasiya, chofunda chituluka chopotoka. Ndikawauza, ndiye kuti ndawalanda chinthu chomaliza chimene amanyadira. Nditani?

E. M., kuseri kwa depoti ya mabasi

Mdzukulu wanga,

Pepa ndi maliro, pepanso ndi Lachitatu lako. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditapeza magalasi, amene anali pamphumi nthawi yonseyo.

Lezala ija uwapatse amuna ako, ngati alipo, ametere ndevu. Nsalu yakale ili ngati ife nkhalamba: kuidzutsa kamodzi imadzuka, kawiri imadandaula, kachitatu umaitana abale.

Ndipo ndikuuze mosabisa, amayi ako akudziwa. "Ehe" ameneyo ndimamudziwa, ndi wa telala. Telala amazindikira msoko wake ngati mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana makumi awiri kusikelo. M'nyumba mwanu muli anthu awiri okondana amene akunamizana mwaulemu, ndipo amene akumva kuwawa ndi malaya.

Za lula, amayi sanalakwe kwenikweni. Pa diresi, msoko ukapatuka pang'ono thupi limabisa. Ine ndasokera anthu amimba zazikulu mathalauza amene mwendo wina unali wamkulu, eni ake mpaka lero amandipatsa moni. Koma chofunda cha zigamba sichikhululuka, chifukwa msoko umadya mbali ziwiri. Ukalowa mkati ndi kamtengo ka machesi kamodzi, nsalu yakumanja yataya kamtengo, yakumanzere yatayanso. Misoko khumi, timitengo makumi awiri. Zala zitatu zako zija n'zimenezo.

Mpata woyenera ndi uti? Ambiri amasiya kota ya inchi, kukula kwake ngati pensulo yogona. Pa nsalu yotha ngati yanuyo usachepetse kuposa pamenepo, idzayoyoka pochapa. Koma poti mizere ina yatha kale, lamulo ndi mpata umene uli m'mizere imeneyo. Nambala si nkhani. Nkhani ndi yakuti ukhale umodzi, lero, mawa, dzanja lako kapena la amayi.

Tsopano chinsinsi chimene sindinkauza ngakhale atelala anzanga apakhonde. Dula kakatoni kolimba, kotalika ngati chikhatho, kokhuthala moti chala chikamve. Tenga mzere umodzi wosokedwa bwino, uike pa makina, utsitse singano ilowe mu ulusi wa msokowo. Kenako kankha kakatoni mpaka kakhudze m'mphepete mwa nsalu, n'kukamata ndi tepi pa chitsulo cha makina. Mbali yaikulu ikhale kutsogolo kwa singano, kumene nsalu ikuchokera. Basi, wamanga kakhoma. Nsalu izingoyenda mokhudza khoma, chala chikuiperekeza mpaka pothera, chifukwa pothera m'pamene misoko yambiri imaledzera. Maso alibenso ntchito. Ine ndasokapo ndikuyang'ana ndewu ya kutsidya kwa msewu, msoko n'kutuluka wowongoka kuposa amene anaweruza ndewuyo.

Musanakhudze malaya, yesani pa sanza. Lumikizani tizidutswa titatu, musite, muyerekeze ndi mzere wakale uja. Zikafanana, khomalo lisasunthenso, ndipo sokerani pa makina amodzi omwewo mpaka chofunda chithe. Posita, simbi muziingoika n'kunyamula. Mukaikoka, nsalu yakale imatamuka ngati nkhani ya msodzi.

Mizere ya amayi imene sunaimasule, isiye. Dula timizere tataliatali ku mathalauza a malemu, tiziika pakati pa mzere ndi mzere. Makona akapanda kuonana sakangana. Mzere waufupi uwonjezere kachidutswa kumapeto, wautali udule. Ka buluu kong'ambika usataye: kasokerere pa kansalu kopyapyala kuseri, kalowe pakona ya kumutu, pamene dzanja la amayi lizifika.

Zimenezo n'zophweka. Chovuta ndi pakamwa pako. Usamate katoni iwo kulibe, kumeneko ndi kuba kwachiwiri. Lachitatu likubwerali, asananyamuke, khala nawo pansi, uike ka buluu kong'ambika m'manja mwawo, unene kuti, "Amayi, ndang'amba ndine. Ndakhala ndikumasula misoko yanu. Ndinaopa kukuuzani." Yamba ndi kulakwa kwako, kwawo akutchula okha. Usatchule ukalamba, amakumana nawo m'mawa uliwonse, sakufuna mthenga. Ndipo katoniko amate ndi iwo. Singano mu ulusi aimva ndi chala, m'mphepete mwa nsalu aumva ndi chala. Zala zimene zinagwira "katatu" wako kuseri kwa nsalu si zala zopuma ntchito. Iwenso uzisokera pa khoma lomwelo. Pima misoko yako ndi lula, ndikulumbira upezamo ina yoyenda ngati nkhanu.

Zikazizira, upite nawo kuchipatala cha maso. Ine ndine dokotala wa mathalauza, koma ndaona anzanga amene anachotsedwa ng'ala n'kuyambanso kuona zolakwa za anthu ena bwinobwino.

Chenjezo langa ndi limodzi. Kaya zivute bwanji, usawalande makina n'kuwapatsa ntchito yosankha mitundu "kuti apume". Telala ukamuchotsa pa makina amayamba kufa kuchokera kumapazi. Chofunda chopotoka pang'ono chimene asoka okha chiwafunditsa kuposa chowongoka chimene wawasokera.

Ndikudziwa zimenezi chifukwa zinandichitikira. Maso anga atayamba, gogo wako wamkazi anakhala miyezi isanu akumasula mipendero yanga ndikapita kokameta. Ine n'kumadabwa kuti mayiyu bwanji akunditumiza kokameta sabata iliyonse, mutu wa dazi ngati dzira. Tsiku lina anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Bambo, misoko yanu ikupita kokayenda. Ndatopa kuithamangira." Ndinaseka mpaka misozi, kumugwira dzanja, kumuthokoza, tinamata katoni tsiku lomwelo.

Ayi, ndisakunamize, ndiwe mwana wamasiye. Gawo limenelo ndapeka. Sindinaseke. Ndinavundikira makina ndi nsalu, n'kukhala masiku atatu osamuyankhula mayi uja, chakudya ndikudya nditayang'ana kukhoma. Ndiye iwenso yembekezera masiku atatu ako, uwapirire, tiyi uzipereka pa nthawi yake. Tsiku lachinayi ndinamufunsa, osamuyang'ana, kuti m'nyumba muno mulibe katoni yolimbako.