Msilikali Wamanzere wa M'kalilole

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine kuno ndili bwino, amalume ndi akazi awo nawonso ali bwino. Sukulu ikuyenda, kupatula masamu amene akundivuta monga kale.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi n'china. Achemwali, ndapatsidwa khoma! Khoma lenileni loti ndijambulepo. Dikirani ndiyambire poyambira.

Pamsewu wathu pali malo ometera tsitsi. Kukhoma lakumbuyo ometawo anaikako TV ndi gemu, ndipo tikaweruka anyamata amadzazana pamenepo. Gemu imene amaikonda ndi ya msilikali wamkazi amene amayendayenda mumzinda wogumuka atanyamula lupanga. Ine sindisewera. Mukundidziwa, pagulu ndimauma pakamwa. Ndimakhala pabenchi ya odikira kumeta, anyamatawo ndawafulatira, n'kumaonera gemuyo m'kalilole wamkulu wa ometa. Munthu akalowa amayesa ndili pamzere, ndiye ndimangomuuza kuti atsogole.

Kumujambula msilikali ameneyu ndi ntchito. Saima. Ukati uone lamba wa paphewa, watembenuka. Ukati uonetsetse mamba a chovala chake chachitsulo, wadumphira m'dzenje, kapena wosewerayo wamuphetsa. Ndinafika pomakondwa akamasewera mnyamata wina wamantha amene amamutcha Kamba, chifukwa iye amabisala nthawi yaitali kuseri kwa chipupa, msilikali n'kuima phee. Anzake amamukuwiza kuti atuluke, ine mumtima ndikumupempha kuti asasunthe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndajambula nsapato, mawa chipsera cha patsaya, mkuja malukidwe a tsitsi. Chitsulo ndicho chinandizunza zedi. Kuti chiwale, umayenera kusiya malo ena oyera osawakhudza n'komwe, ndipo rabala yanga inaboola mapepala ambiri ndisanazindikire zimenezi.

Nditamaliza ndinalimba mtima n'kukawaonetsa anyamata aja. Mkulu wawo, amene amadzitcha Shasha, anaphulika kuseka n'kufunsa ngati msilikali wangayo anathyoka mkono wamanja, poti lupanga lili kumanzere. Wina anati chipsera nacho chasamukira tsaya lina, mwina kwakeko anachithamangitsa alandilodi. Ndinatembenuka n'kuyang'ana TV ija maso ndi maso koyamba. Zonse ndinazijambula motembenuza. Kalilole anandipusitsa nthawi yonseyi.

Ndimati ndiling'ambe pepalalo pamene ometa anandilanda, makina akulira m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Analikweza kumbuyo kwa mutu wa kasitomalayo, monga amachitira ndi kakalilole koonetsera nkhongo, n'kuuza anyamatawo kuti asiye phokoso ayang'ane kutsogolo. Achemwali, m'kalilolemo msilikali anali ndendende! Lupanga kumanja, chipsera pamalo pake, chitsulo chikuwala. Kasitomala uja anati chiyambire kumeta sanaonetsedwepo nkhongo yokongola chotero. Shasha anayang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti mfana wa pabenchiyu ndi woopsa. Kamba anandipatsa malo pambali pake, akuti azibisala dala m'gemumo ndikafuna kujambula.

Ometa akuti makasitomala awo amatopa ndi kuyang'ana khoma lopanda kanthu m'kalilolemo. Akufuna ndimujambule msilikaliyo wamkulu ngati munthu, motembenuza momwemo, pamwamba pa TV. Penti agula okha, makwerero abwereka kwa aneba. Koma pali lamulo limodzi: ndiyambe ndakonza dzanja. Akuti zala za msilikali wanga zikuoneka ngati phava la nthochi, ndipo sakunama. M'gemu dzanja ndi laling'ono, komanso silikhazikika. Ndinayesa kuonera langa, koma langali ndi logwira cholembera basi, lupanga likhoza kulipulumuka. Akapanda kukhutira ndi dzanja la papepala pofika tsiku lotsekera sukulu, khomalo apatsa wolemba zikwangwani kuti ajambulepo mitu ya anthu ometa masitayilo. Ndikaganiza zimenezi, chakudya sichilowa.

Ndiye pempho langa nali. Ndikufuna dzanja lamanzere lozolowera kugwira chinthu cholemera, ndipo dzanja lotero ndikulidziwa limodzi lokha. Chonde, abambo akakhala pashedi yawo akukhoma matabwa, muwajambule pafoni yanu dzanja lawo lamanzere lija atagwira nyundo, paja iwo ndi amanzere. Muyandikire kwambiri, kuti mitsempha ioneke, ndi chala chachikulu chopindika chija. Mujambule kunja kwa dzanja ndi mkati momwe, ndipo musawauze kuti asambe kaye, lizikhala ndi utuchi wake. Mutumize pafoni ya amalume, ndawauza kale.

Ndikudziwa zimene abambo anganene. Tsiku lonyamuka lija anandiuza kuti akunditumiza kudzaphunzira, osati kudzajambula zidole. Ndinaganiza zokupemphani kuti munamizire kuti mukujambula nyundoyo, koma ayi, musatero. Akafunsa, auzeni zoona zokhazokha, za gemu, za kalilole ndi za khoma. Akakana, mundiuze msanga, sindikwiya. Auzeninso kuti masamu sindinawataye, ndimayamba ndi iwo ndisanagwire pensulo yojambulira.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala. Moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu, mumuuze kuti galu amene ndinamulonjeza ndamujambula, ali ndi miyendo inayi ulendo uno. Kwa abambo mupereke moni mutakhala pansi, akamaliza ntchito. Muwauze kuti kuno kuli msilikali amene ali ndi lupanga, chovala chachitsulo ndi khoma lake, koma sangayambe nkhondo. Akudikira dzanja lawo.

Ndine mlongo wanu,
Kachetechete