Asipirini wa Odzazonda

Bambo a Susana,

Musadabwe kupeza pakhomo pali zii. Ndathamangira kuchipatala ku Madisi ndi amayi anu pangolo ya a Benjamini. Kamfuno wawayamba amayiwo m'mawa ndipo sakuleka, nsalu ziwiri zanyowa kale.

Nditawapanikiza aulula kuti amayi akumpingo atabwera kudzawazonda anawasiyira sopo, shuga ndi asipirini wa mwendo ukuwapweteka uja. Akhala akumwa mobisa, ati mphatso ya odzazonda sabweza. Kodi si asipiriniyu amene adokotala analetsa kuphatikiza ndi mankhwala awo oletsa magazi kuundana? Kapena analetsa panado? Mutu wanga waima.

Nanga paja adokotala anati tichepetse mankhwala a magaziwo, ankanena theka la piritsi kapena kudumphitsa tsiku? Ine poopa kulakwitsa ndakhala ndikuwapatsa lathunthu. Pepani, ndinachita manyazi kukufunsani. Chizungu chija munamva ndinu, ine ndinkangogwedeza mutu.

Mukangowerenga kwerani njinga mutitsatire, kudya mukadya komweko. Khadi lachipani ndatenga lanu, langa silikuoneka, ndiye achipani akakuimitsani panjira kufuna khadi muona chonena.

Amayi akuti chonde akumpingo asamve, angaleke kubwera.

Ndine Rakele