Amuna anga asamukira pasofa chifukwa cha Adiventi

Aphungu,

Ndine mayi wosoka zovala, ndipo ndili pabanja ndi bambo wokonza mafiriji. Ndi munthu wabwino, samwa, samenya, koma akagwira mfundo amaikakamira ngati nkhupakupa.

Lamlungu loyamba la Adiventi, atayatsa kandulo kutchalitchi, ansembe analalikira kuti Ambuye ali pafupi, ali pakhomo penipeni, tikonze mitima. Ine ndinavomera ameni monga anzanga onse. Amuna anga anabwerako atagwira mfundo. Titadya, anatenga pilo ndi bulangete n'kukayala pasofa. Nditafunsa anati, "Mayi, simunamve? Ambuye ali pafupi. Zakuchipinda tiyambe taimika mpaka Khirisimasi. Mlendo wamkulu chonchi atipeze tili m'zotani?"

Ndinati, "Nanga zaka zonsezi Ambuyewo anali kuti, kutchuthi?" Anandiuza kuti ndisachite chipongwe ndi zinthu zoyera.

Sofayo ndi yaifupi, miyendo imalendewera, m'mawa amadzuka khosi litapindika ngati nkhuku yachitopa, koma akuti umenewo ndiwo mtanda wawo. Ndinasoka diresi yogonera ya nsalu yoterera n'kudutsa nayo pabalaza kawiri konse. Anangoyang'ana mpendero n'kunena kuti dzanja langa lakhwima pantchito.

Ndikulemba moseka, Aphungu, koma mumtima mukuwawa. Takhala zaka zisanu opanda mwana. Apongozi anga aakazi akaimba foni, moni wawo ndi woti, "Kodi mwana wanga, timalaya ta makanda uzingosokera eni ake?" Mwezi watha ndinakayezetsa kuchipatala. Adokotala anati kwa ine sakuona chovuta, ndipo anapempha kuti abambo nawonso abwere. Tsiku lawo litayandikira, m'pamene Adiventi inalowa m'nyumba mwathu. Tsopano akuti kuchipatalako adzapita Ambuye akabadwa.

Kodi tchalitchi chimaletsadi zimenezi pa nyengoyi? Kapena ndingowauza apongozi kuti mdzukulu wawo akuchedwa chifukwa cha sofa?

Ine wogona ndekha,
Mayi T. K.

Mayi T. K.,

Lamulo lotere kulibe. Likanakhalapo, bwenzi m'mwezi wa Seputembala musakubadwa Mkhristu ndi mmodzi yemwe.

Adiventi ndi nyengo yodikira mwana, ndipo inu mukuidziwa bwino kuposa ambiri amene amaimba nyimbo zake. Mulungu sanabwere ngati bwana woyendera ofesi, amene akangomveka kuti ali panjira aliyense amathamangira tsache n'kukankhira zinyalala kuseri kwa kabati. Anadzera m'mimba mwa mkazi, miyezi yonse yoyenera, n'kubadwira m'khola monunkha ndowe. Amene sananyansidwe ndi khola sangachite manyazi ndi chipinda cha anthu awiri amene anawadalitsa yekha paguwa. Kuyandikira kwake si kwa munthu wosuzumira pazenera. Ndi kwa mbale amene amabwera kudzakhala nanu pamene zinthu zakukanikani. Komanso auzeni abambo kuti khoma la njerwa silimutchinga: pasofapo aliponso.

Koma tisanamizane, amuna anu sakuthawa Ambuye. Akuthawa adokotala. Inu mwapezeka kuti muli bwino, ndiye iwo awerengera okha kuti chala chatsala pang'ono kuloza ndani. Mwamuna wamantha amabisala kumene mkazi sangamulondole. Ena amapita kumowa, ena amagonera kuntchito, anuwa abisala kuseri kwa kandulo. Munthu amene tsiku lililonse amatsegula mafiriji a eni ake n'kuwauza chomwe chafa, lero akuopa kutsegulidwa iye.

Choncho diresi yoterera ija ipindeni kaye, matendawa si ake. Sankhani tsiku loti nonse mwapuma, mukhale nawo pasofa pomwepo, wailesi itazimitsidwa. Musayambe ndi za mwana. Auzeni poyera kuti munakwatiwa ndi iwo, osati ndi zotsatira za kuchipatala, ndi kuti kaya adokotala anene chiyani, mubwerera limodzi kunyumba. Ngati mawuwa si oona mumtima mwanu, musawanene, yambani mwadzifunsa nokha. Ngati ndi oona, anenereni kumaso, chifukwa mwina sanawamvepo. Kenako mukatenge tsiku lina kuchipatala, Khirisimasi isanafike, ndipo muwaperekeze. Ena mwa mavuto otere amathandizika, koma wodziwa ndi dokotala, osati ine, osati apongozi.

Akaumirirabe kuti ndi za chikhulupiriro, pitani nonse kwa ansembe aja. Ayenera kudziwa kumene ulaliki wawo wagwera, ndipo ndikhulupirira adzawabwezera kuchipinda msangamsanga. Foni ya apongozi aziyankha mwana wawo. Mwaisenza nokha mokwanira.

Chenjezo langa ndi ili: apongozi musawauze za sofa, ngakhale lilime likuyabwa chotani. Musapitenso kwa aneneri ogulitsa mafuta m'timabotolo, ndipo musaululire amayi anzanu akukwaya. Nkhaniyi ikangofika kumeneko, pofika Khirisimasi mudzaimva ikuimbidwa m'mawu anayi, ndipo mwamuna amene wasekedwa ndi mpingo wonse simungamudzutsenso, ngakhale mutabwereka lipenga la mngelo.

Aphungu